Ndani amamveka ku Capital Hill: mabungwe a alimi, matenanti a ku Kasungu ndi malire a malonda

Pa 1 Novembala 2019, nthambi ya boma la America yoona za katundu wolowa m'dzikolo inalamula kuti fodya aliyense wochokera ku Malawi azitsekeredwa padoko mpaka mwini wake atapereka umboni woti sanalimidwe ndi ana kapena anthu ogwira ntchito mokakamizidwa. M'mwezi womwewo boma la Malawi linavomereza ku ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, pangano la mu 2014 lothana ndi ntchito yokakamiza. Pofika mu 2021, Nyumba ya Malamulo inali itasintha lamulo la ntchito n'kuthetseratu ulimi wa matenanti. Zaka ziwiri zokha.

Koma matenanti eni ake, bungwe lawo, ndi anthu a mipingo amene ankawalankhulira anali atagogoda pakhomo la boma kwa zaka zoposa 20. Bilu yoti iteteze matenanti inalembedwa koyamba chapakati pa zaka za m'ma 1990. Inkatuluka m'kabati, anthu n'kuikambirana m'mahotela, n'kubwereranso m'kabati momwemo, ndipo sinakhalepo lamulo. Kusiyana kwa zaka 20 ndi zaka ziwiri kumeneku ndi kumene kungatithandize kumvetsa momwe mabungwe a alimi amakambirana ndi boma, chimene chimapangitsa kuti pempho lina liyankhidwe msanga ndipo lina liwolere m'mafayilo. Kuno ku Kasungu nkhaniyi sitiionera patali. Maesiteti ali konsekonse kuyambira ku Santhe mpaka ku Chamama ndi Nkhamenya, ndipo msika wa fodya wa Chinkhoma uli pakhomo pathu.

Olankhula ndi ambiri, zofuna n'zosiyana

Bungwe lakale kuposa onse ndi TAMA, limene linayamba mu 1929 ngati la azungu olima fodya mu Nyasaland, ndipo lero limatchedwa TAMA Farmers Trust. Limalankhulira mlimi wa fodya amene ali ndi nambala yolembetsa ku Tobacco Commission, amene dzina lake limalembedwa pa belo. NASFAM inakhazikitsidwa mu 1997 kuchokera m'makalabu a alimi ang'onoang'ono amene anali atangololedwa kumene kulima fodya wa bale, ndipo pambuyo pake inalowa kwambiri mu mtedza, soya ndi mpunga. Farmers Union of Malawi inabwera mu 2003 kuti ikhale ambulera ya mabungwe a alimi a mbewu zonse. Palinso CISANET, imene si ya alimi kwenikweni koma ya mabungwe omwe si aboma ogwira ntchito za ulimi. Kumbali ya antchito kuli TOAWUM, bungwe la matenanti ndi ogwira ntchito m'minda ya fodya, limene lili pansi pa MCTU, ambulera ya mabungwe a antchito. Olemba anthu ntchito nawo ali ndi ECAM, ndipo makampani akuluakulu ali ndi MCCCI.

Mukaika mayina amenewa pamndandanda amaoneka ngati anthu a banja limodzi. Pitani pa esiteti imodzi ya ku Chulu mukaone. Mwini esiteti akufuna mtengo wabwino ku Chinkhoma ndi antchito otsika mtengo. Tenanti akufuna kuti chimene amupatse pakutha pa chaka chikhale chooneka. Mayi wa m'mudzi woyandikana nawo amene amabwera kudzasoka fodya pa ganyu akufuna chimanga chikhale chotchipa mu Febuluwale, chifukwa iye ndi wogula. Mlimi wa maekala khumi a chimanga tsidya lina la dambo akufuna chimangacho chikwere mtengo. Onsewa amadzuka m'mamawa kupita kumunda, koma lamulo limene lingasangalatse mmodzi limapweteka mnzake. Ndipo pa anthu anayiwa, awiri okha ndi amene ali ndi bungwe lokhala ndi ofesi ku Lilongwe, galimoto ndi munthu wodziwa kulemba kalata yopita kwa nduna.

Utenanti unali chiyani kwenikweni

Kuti timvetse chifukwa chake bilu ija inkakanika, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. M'nthawi ya Kamuzu Banda, lamulo la mbewu zapadera, Special Crops Act, linkapereka fodya wa bale ndi wa m'mabalani kwa eni maesiteti okha. Mlimi wa m'mudzi ankalima mitundu ina ya fodya n'kugulitsa ku ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, pa mtengo umene ADMARC yanena. Amene anali ndi esiteti ankagulitsa ku okushoni. Ndiye aliyense amene anali ndi mpata, nduna, akuluakulu a chipani, ogwira ntchito m'boma, anathamangira kutenga malo a lizi, ndipo Kasungu, kwawo kwa Kamuzu, inadzaza maesiteti, kuphatikizapo a Press Farming ndi General Farming. Maesiteti amafuna manja. Manjawo ankachokera kum'mwera kumene malo ndi ochepa, ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga ndi Mangochi. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima bale, koma utenanti sunathe. Unangofalikira, moti ngakhale munthu wa maekala asanu ankatha kukhala ndi tenanti mmodzi kapena awiri.

Pangano lake linali losavuta kunena. Bwana amapereka malo, mbewu, feteleza ndi phoso. Tenanti amapereka thukuta, lake ndi la banja lake, kuyambira pofesa nazale cha mu Sepitembala, kuwokera mvula ikagwa, kupalira, kubandira, kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala m'chigafa, mpaka kusankha magiredi. Fodya akauma, tenanti amamugulitsa kwa bwana yekhayo, pa mtengo umene bwana wanena, ndipo bwana amadinda mabelo n'kupita nawo kumsika pa nambala yake.

Mtima wa nkhani yonse uli mu kope la kapitawo. Ndi kope wamba la ana asukulu, ndipo tsamba lililonse lili ndi dzina la tenanti pamwamba. M'munsimu mumalembedwa chilichonse chimene watenga chaka chonse: ndowa ya chimanga, mchere, sopo, khasu, pepala lofolerera chigafa, ndalama imene anabwereka mwana atadwala malungo, nthawi zina ngakhale thiransipoti imene inamutenga kwawo. Mitengo ya zinthuzi amaika ndi bwana. Sikelo ndi ya bwana. Giredi ya fodya amanena ndi bwana kapena kapitawo wake. Tsiku lowerengera likafika, amachotsa za m'kope pa mtengo wa fodya, chotsalacho ndiye malipiro a chaka. Chaka chabwino munthu ankagula njinga ndi wailesi n'kukwera basi ya kwawo. Chaka choipa ankauzidwa kuti ndiye ali ndi ngongole, ndipo njira yobwezera inali kukhalanso chaka china. Mabanja ambiri amene lero ali m'midzi ya m'mphepete mwa maesiteti kuno, opanda malo awoawo, anabwera choncho ndipo sanabwererenso.

Mwana amalowa bwanji m'nkhaniyi? Palibe bwana amene amalemba mwana ntchito. Pangano ndi la bambo. Koma munda umene bambo wapatsidwa sangaukwanitse yekha, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pamene kuthyola ndi kusoka zimagundana, ndipo alibe ndalama yolipira waganyu. Ndiye mkazi ndi ana amalowa m'munda. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, komanso kupatsa aliyense wosafika zaka 18 ntchito yoika moyo pachiswe. Fodya wamuwisi wonyowa ndi mame amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, mwana n'kumamva chizungulire, mutu ndi nseru. Lipoti la bungwe la Plan International la mu 2009, limene linafunsanso ana a kuno ku Kasungu, linafalitsa zimenezi padziko lonse. Komabe lamulo silinasinthe kwa zaka zina khumi ndi ziwiri.

Chifukwa chake n'chosabisika. Anthu ambiri amene akanayenera kuvotera biluyo, kapena abale awo, kapena amene ankawathandiza pa kampeni, anali ndi maesiteti. Tenanti nthawi zambiri savota kumene akulima, sakhala malo amodzi zaka zambiri, ndipo mfumu ya dera limene akugwirako ntchito si mfumu yake. Bungwe lake limadalira masabusikiripishoni a anthu amene amalandira ndalama kamodzi pachaka, mwinanso osalandira. Centre for Social Concern ya mpingo wa Katolika inachita kafukufuku, inalemba, inalankhula pa wailesi, koma inalibe chimene ikanalanda boma. America inali nacho. Fodya amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zimene Malawi amapeza pogulitsa katundu, ndipo makampani ogula sakanalola kuti dzina la fodya wa kuno lide pamsika wa dziko lonse. Iwo anathamanga kukadziyeretsa okha: Alliance One inachotsedwa pa chiletsocho mu Juni 2020, Limbe Leaf kumapeto kwa Julayi chaka chomwecho, Premium Tobacco mu Meyi 2021. Kumbali ina, maloya a ku London anatengera kukhoti makampani a British American Tobacco ndi Imperial Brands m'malo mwa matenanti zikwizikwi ndi ana awo. Makampaniwo amakana mlanduwo, koma mu 2021 khoti linakana pempho lawo loti uthetsedwe usanamvedwe.

Dandaulo la eni minda silabodza lonse

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene anthu olimbikitsa ufulu wa antchito sakonda kumva. Mwini esiteti akamati sangakwanitse kulipira pamwezi, nthawi zambiri sakunama. Fodya amabweretsa ndalama kamodzi, msika ukatsegulidwa cha mu Epulo mpaka mu Ogasiti. Ntchito imayamba mu Sepitembala chaka chinacho. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K50,000 pamwezi kuyambira mu 2021, anakwera kufika K90,000 mu Febuluwale 2024, kenaka K126,000 mu 2025. Werengerani nokha: anthu awiri akuluakulu, bambo ndi mayi, kwa miyezi isanu ndi inayi pa K126,000 ndi K2,268,000, ndipo ndalamayo iyenera kutuluka belo limodzi lisanagulitsidwe. Kubanki chiwongoladzanja chinali choposa 25 peresenti mu 2024 ndi 2025, ndipo banki yake imafuna chikole chimene mlimi wa ku Wimbe alibe. Utenanti unali njira yoipa yothetsera vuto lenileni: bwana ankabwereka ntchito kwa wosauka m'malo mobwereka ndalama kubanki, ndipo mvula ikavuta kapena mtengo ukagwa, amene ankasenza chitayikocho anali tenanti.

Lamulo la 2021 linaletsa njira yoipayo koma silinakhudze vutolo. Zotsatira zake aliyense amene amayenda m'maesiteti akuzidziwa. Ena asinthadi, akulemba mapangano ndi kulipira pamwezi, makamaka amene ali pa kontirakiti ndi makampani chifukwa alangizi a kampani amabwera kudzaona. Ena angosintha dzina. Munthu yemweyo, kope lomwelo, koma mlendo akafika amauzidwa kuti uyu ndi wantchito, kapena ndi mphwanga wochokera kumudzi. Ofesi ya zantchito ya boma lalikulu ngati Kasungu singafike pa esiteti iliyonse, ndipo m'nyengo ya mvula, pamene ntchito ya ana imachuluka, misewu yambiri yopita kumeneko siyendeka.

Tsopano pali malo amodzi pamene nkhani ya antchito ndi nkhani ya malonda zimakumana, ndipo ndi pamene ndikuona kuti mabungwe athu amataya mwayi. Chaka chilichonse msika usanatsegulidwe, Tobacco Commission, makampani ogula ndi mabungwe a alimi amakambirana mitengo yoyambira ya giredi iliyonse. Mchitidwe woika mitengo yoyambirawu unayamba m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, amene mu 2009 anafika pothamangitsa m'dziko muno akuluakulu anayi a makampani a fodya powaganizira kuti akugula motsika. Maziko a zokambiranazo ndi chiwerengero cha ndalama zimene mlimi amawononga kuti atulutse kilogalamu imodzi: feteleza, mankhwala, milimo ya chigafa, ziguduli, thiransipoti, ndi ntchito ya manja. Akatswiri a ARET, bungwe la kafukufuku wa fodya lomwe lili ndi sukulu ya zaulimi ya Mwimba kuno ku Kasungu, ndi ena mwa odziwa kuwerengera zimenezi. Ngati mzere wa ntchito ya manja uwerengedwa mopepuka, ngati thukuta la mayi ndi mwana litengedwa kuti ndi laulere, mtengo woyambira umatsika nawo, ndipo wopindula ndi wogula. Ngati uwerengedwa pa malipiro enieni a boma kwa munthu wamkulu aliyense amene fodyayo amafuna, mtengo uyenera kukwera. Apa mwini munda ndi wantchito wake ali mbali imodzi. Koma amene amakhala patebulo la mitengo ndi mabungwe a eni nambala, ndipo nkhani za malipiro zimakambidwa patebulo lina, la Tripartite Labour Advisory Council, pamene pamakhala boma, olemba ntchito ndi mabungwe a antchito. Matebulo awiriwa ali pansi pa maunduna awiri osiyana.

Mphamvu ya alimi patebulo la mitengo nayonso ili ndi malire. Kuyambira mu 2012 boma linavomereza kuti 80 peresenti ya fodya izigulitsidwa pa kontirakiti, 20 peresenti yokha pa okushoni. Kontirakiti imabwera ndi feteleza wa ngongole ndi msika wotsimikizika, zimene n'zabwino, koma mlimi amene kampani yamukongoza salankhula mokweza. Ndipo fodya akachuluka, mtengo umagwa kaya mwakambirana chotani. Mu 2011 alimi anatulutsa makilogalamu oposa 230 miliyoni, mitengo inagwa, ndipo chaka chotsatira analima osafika ngakhale theka lake. Mu 2024 anagulitsa pafupifupi makilogalamu 133 miliyoni pa mtengo wapakati wa pafupifupi madola atatu, ndalama zonse zinafika pafupi madola 396 miliyoni. Anthu ataona zimenezo anathamangira kufesa, ndipo mu 2025 fodya anachuluka kwambiri, mtengo wapakati n'kutsika. Palinso dandaulo la ndalama zakunja. Fodya amagulidwa m'madola, koma mlimi amalandira makwacha pa mtengo wa kubanki, pamene feteleza ndi zipangizo zambiri mitengo yake imatsatira dola ya pamsika wamseri. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma mpata wa pakati pa mitengo iwiriyo sunatsekeke. N'chifukwa chake mabelo ena amadutsa njira za kutchire kulowera ku Zambia, ngakhale kuti n'kuphwanya lamulo.

Chimanga, soya ndi chipata cha Mchinji

Kunja kwa fodya, nkhondo yaikulu ya mabungwe a alimi ndi ya ziletso zotumiza mbewu kunja. Chitsanzo chimene ambiri amakumbukira ndi cha 2017. Mvula inagwa bwino, chimanga chinachuluka, koma chiletso chimene chinaikidwa m'nthawi ya njala ya zaka zam'mbuyo chinali chikadalipo. Mitengo inagwa pansi kwambiri kuposa mtengo umene boma lomwelo linalengeza, pamene kumayiko a kum'mawa kwa Africa, monga Kenya, chimanga chinkasowa ndipo chinali pa mtengo wabwino. Farmers Union of Malawi ndi anzake anadandaula miyezi yambiri. Pulezidenti Peter Mutharika anachotsa chiletsocho kumapeto kwa Okutobala, nthawi imene alimi ang'onoang'ono anali atagulitsa kale kwa mavenda. Amene anali ndi chimanga m'nyumba zosungiramo katundu anali amalonda. Mu Febuluwale 2018 chiletso chinabwereranso chifukwa cha ng'amba ndi mbozi za ntchemberezandonda.

Boma nalo lili ndi chifukwa chake, ndipo si chopusa. Mabanja ambiri akumudzi amagulitsa pang'ono pokolola n'kudzagulanso chimanga mu Disembala mpaka Malichi, choncho ndi ogula kuposa momwe alili ogulitsa. Anthu a m'tauni onse ndi ogula. Thumba likakwera mtengo, mkwiyo umaonekera msanga ku Ndirande ndi ku Mchesi, pamene mkwiyo wa mlimi wa ku Mkanda umamwazikana m'midzi. Wandale aliyense amadziwa mkwiyo umene ungamuchotse pampando. Chimene chiletso chimawononga sichioneka chaka chomwecho: mlimi amene akanatha kulima maekala 50 a chimanga chogulitsa amasiya, chifukwa sadziwa ngati chipata chidzakhale chotsegula akadzakolola. Mabungwe atazindikira kuti kupempha boma lisiyiretu ziletso n'kutaya nthawi, anasintha pempho. Anati letsani, koma tiuzeni pasadakhale, ndipo nenani chifukwa. Lamulo latsopano la Control of Goods Act la mu 2018, lolowa m'malo mwa la mu 1968, linachokera m'maganizo amenewa: nduna isamangodzuka n'kutseka malire, koma izisonyeza zifukwa zokomera anthu ndi kulengeza mwa dongosolo. Ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene mabungwe a alimi ndi a zamalonda angaloze kuti ichi tinakankha limodzi. Kutsatidwa kwake ndi nkhani ina.

Pa soya mkangano umaoneka bwino kwambiri, chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi maofesi. Mlimi wa ku Kapiri kapena ku Chatoloma akufuna ogula ambiri, a kuno ndi akunja, azilimbirana soya wake. Makampani oyenga mafuta ophikira ndi opanga chakudya cha nkhuku akufuna soyayo atsale m'dziko muno pa mtengo wofewa, ndipo mfundo yawo imamveka yokoma: tisatumize mbewu yaiwisi, tiziyenga konkuno, achinyamata apeze ntchito. Mu 2021 soya wambiri anapita kunja, kuphatikizapo ku India, ndipo alimi anaona mtengo umene anali asanauonepo. Chaka chotsatira boma linakhwimitsa zilolezo zotumizira kunja. Makampani a mafuta ndi a chakudya cha nkhuku aja ndi ochepa, amadziwana, ndipo akafuna kukumana ndi nduna safunika kusonkha ndalama ya basi. Msonkho wa VAT umene unaikidwa pa mafuta ophikira mu 2020 unachotsedwa mu 2022 atadandaula iwo pamodzi ndi ogula a m'tauni. Alimi a soya ndi mazanamazana a zikwi, aliyense ndi matumba ake ochepa.

Nanga mitengo yoyambira imene Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka chilichonse pokolola? Mabungwe amalimbana kwambiri kuti ikwere, ndipo ikalengezedwa amaiwerenga ngati chipambano. Koma mtengo wa papepala umafuna wogula amene ali ndi ndalama m'manja. ADMARC kwa zaka zambiri yakhala ikutsegula misika mochedwa ndi ndalama zochepa. Amene amafika msanga ndi venda, amene amapachika sikelo yake pamtengo wa mango pa Kamwendo kapena pa Bua mu Epulo, mtedza usanaume n'komwe. Mlimi akudziwa bwino mtengo wa boma, anaumva pa wailesi. Koma fizi ya teremu yachitatu ikufunika sabata ino ndipo wa katapila akubwera madzulo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Amagulitsa. Kafukufuku wa bungwe la IFPRI ku Lilongwe wasonyeza kuti alimi ambiri a chimanga ndi soya amagulitsa pansi pa mtengo wa boma. Ineyo ndimaona kuti mphamvu imene imathera pa kukangana za nambala ya papepala ikanapindula kwambiri ikanapita ku nyumba zosungiramo mbewu za makopaletivi ndi ngongole ya miyezi itatu yoti mlimi athe kudikira. Alimi a mtedza a m'bungwe la MASFA ku Mchinji anafika pogulitsa mtedza wawo ku Ulaya pa chizindikiro cha Fairtrade, osati chifukwa cha mtengo wolengezedwa ndi nduna, koma chifukwa anasonkhanitsa mtedza pamodzi ndi kulimbana ndi chuku, chimene chimatsekereza mtedza wa Malawi m'misika yambiri yakunja.

Malire amapweteka mbali zonse. Mu Malichi 2025 Unduna wa Zamalonda unaletsa kulowetsa m'dziko muno zinthu zingapo monga ufa, mpunga, mkaka, zipatso ndi ndiwo zamasamba, ponena kuti ukuteteza alimi ndi ndalama zakunja. Ena mwa alimi anaombera m'manja. Mu Epulo Tanzania inabwezera, inaletsa zokolola za ku Malawi ndi kuopseza za feteleza, ndipo tonse tinakumbukira kuti katundu wathu wambiri amadzera padoko la Dar es Salaam. Mkanganowo unathetsedwa pa zokambirana kumayambiriro kwa Meyi. Malawi ali mu COMESA ndi SADC, ndipo anavomereza pangano la msika umodzi wa Africa mu 2021. Chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chimene apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula mu Disembala 2022, anachimanga kuti katundu azidutsa msanga. Bungwe la alimi limene likupempha kuti chipatacho chitseguke potuluka soya, koma chitsekeke polowa chimanga kapena nkhuku za ku Chipata, liyenera kudziwa kuti anzathu a tsidya linalo ali ndi mabungwe awo amene akupempha zofananazo.

Njira zokafikira ku boma zilipo zingapo ndipo si zachinsinsi. Nduna ya zachuma imayenda m'mizinda kumva maganizo bajeti isanalembedwe. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za ulimi imaitana mabungwe. Pali misonkhano ya atolankhani, makalata, ndi tsiku lotsegulira msika wa fodya pamene pulezidenti amayenda pakati pa mabelo atsogoleri a alimi ali pambali pake. Ndipo pali njira ya alimi eni ake: mitengo ikanyanya kutsika kapena mabelo ambiri akabwezedwa, amaimitsa malonda pomwepo mu holo, monga zachitikapo ku Chinkhoma ndi ku Kanengo. Njira yotsirizayi imagwira msanga chifukwa tsiku lililonse lotseka msika ndi madola amene boma silinalandire. Koma amene amaloledwa kulowa mu holomo ndi mwini nambala.

Zonsezi zikusintha pansi pa mapazi athu. Mu 2023 Malawi analowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya, ndipo boma, makampani a fodya ndi mabungwe onse akulimbikitsa soya, mtedza ndi mpendadzuwa. Maesiteti ena kuno asintha kale. Pa fodya, kaya tikonde kaya tisakonde, pali wogula wa kunja amene amaopa khoti la ku London ndi doko la ku America, ndipo amatuma mlangizi kudzawerenga ana a pa esiteti ndi kufunsa ngati akupita kusukulu. Pa soya ndi mtedza wogulitsidwa kwa venda palibe amene amafunsa kuti anapalira ndani. Ntchito yake ndi ya ganyu, yolipidwa pa mizere kapena pa ndowa, nthawi zina ndi chimanga kapena gaga m'malo mwa ndalama, ndipo mtengo wake umatsika kwambiri mu Januwale pamene anthu ofuna ganyu achuluka. Lamulo la 2021 linatchula matenanti. Waganyu silinamutchule, ndipo pa mabungwe onse amene tawatchula kumayambiriro kuja, palibe limene linakhazikitsidwa kuti lizimulankhulira iyeyo.